Lipoti la kuunika mtsetse wong'aluka pamwamba pa mudzi wina kummawa kwa Mangochi

Lipotili likufotokoza ntchito younika mtsetse wa phiri umene unang'aluka pamwamba pa mudzi wina wa m'mapiri a kummawa kwa boma la Mangochi, m'dera limene msewu wopita ku Namwera ndi ku Chiponde umayamba kukwera ukachoka m'chigwa cha Shire. Dzina la mudziwo ndi mayina a anthu sinditchula. Ndalilemba kuti anzanga ogwira ntchito zoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, komanso mamembala a makomiti a m'midzi aone mmene tinafikira pa chigamulo chathu. Njira imene ndinatsata ndinaitengera kwa akatswiri ounika chipale chofewa m'mapiri ozizira a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo ndifotokoza pamene njirayo inatithandiza ndi pamene inalekezera.

Mmene nkhani inatipezera

Uthenga unabwera pa foni kuchokera kwa wapampando wa VCPC, komiti ya m'mudzimo yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mkati mwa mwezi wa January, mvula ya mvumbi itagwa mosalekeza kwa masiku angapo. Anatchula zinthu ziwiri. Mlimi wina amene anakwera kukabandira chimanga m'munda wake wa kumtunda anapeza nthaka itang'aluka modula mizere, mng'aluwo uli wokhota, nsonga zake zonse ziwiri zitaloza kumunsi. Ndipo kuseri kwa nyumba ina ya m'tsinde mwa phiri kunatumphuka kasupe pamalo pamene sipanatulukepo madzi chikhalire, madzi ake ali ofiira ndi dothi.

Anthu anali ndi mantha, ndipo manthawo anali ndi maziko. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. M'dziko muno anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anamwalira, ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Akuluakulu amakumbukiranso 1991, pamene phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe, komanso Napolo wa ku Zomba wa mu 1946. Koma a mfumu a m'mudzimo sankafuna kukumbutsidwa za masoka amenewa, popeza ankawadziwa kale. Ankafuna kudziwa kuti mwa nyumba za anthu awo, ndi ziti zimene zili m'njira ya matope ndipo ndi ziti zimene zili pabwino.

Chifukwa chotengera njira ya ounika chipale chofewa

M'mapiri ngati a Alps, a ku Ulaya, chipale chofewa chimagwa kambirimbiri m'nyengo yozizira, ndipo nthawi iliyonse chikagwa chimasiya muyalo wake pamwamba pa wakale. Miyalo imeneyi sikhala yofanana. Usiku wozizira kwambiri, wopanda mitambo ndi mphepo, pamwamba pa chipale pamamera timasamba ta chisanu topyapyala, tosachedwa kuphwanyika, ndipo chipale china chikadzagwa pamwamba pake, timasambato timakwiririka n'kukhala muyalo wofooka wobisika mkati, umene ungakhale momwemo kwa milungu ingapo. Mphepo nayo imasesa chipale ku mbali imodzi ya phiri n'kukachiunjika ku mbali yobisalika, kumene chimagwirana n'kupanga chibenthu cholemera. Chigumukire chimene chimapha anthu ambiri chimafuna zinthu zitatu kuti zikumane: chibenthu chogwirana pamwamba, muyalo wofooka pansi pake, ndi mtsetse wopendekeka mokwanira, makamaka pakati pa madigiri 30 ndi 45. Zitatuzi zikakumana, kulemera kwa munthu mmodzi kumakwanira kuphwanya muyalo wofookawo, kuphwanyikako n'kuthamanga pansi pa chibenthu chonse m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake pa ngozi 10 zilizonse zopha anthu, pafupifupi 9 zimayambitsidwa ndi wovulalayo kapena mnzake wa pa ulendo womwewo.

Bungwe la SLF la ku Davos m'dziko la Switzerland lakhala likufufuza zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana zochenjeza anthu pogwiritsa ntchito mlingo umodzi wa magawo 5, gawo lachisanu likusonyeza ngozi yaikulu koposa. Chimene chimandigwira mtima pa mlingo umenewu n'chakuti anthu ambiri amafa pa gawo lachitatu, osati lachisanu, chifukwa pa gawo lachisanu ngozi imaonekera poyera ndipo anthu amakhala m'nyumba, pamene pa lachitatu phiri limaoneka labata koma lili lokonzeka kugumuka.

Wounika akafika pa mtsetse amakumba dzenje m'chipale, n'kusalaza khoma lake kuti miyalo ioneke, kenaka amayesa kulimba kwa muyalo uliwonse poukankha ndi nkhonya, ndi zala zinayi, ndi chala chimodzi, ndi pensulo, pomaliza ndi mpeni. Akatero amadula chipilala cha chipale cha masentimita 30 mbali zonse, amaika fosholo pamwamba pake n'kugogoda ka 30: ka 10 ndi dzanja lokha, ka 10 kuchokera pa chigongono, ka 10 kuchokera pa phewa, akuyang'ana kuti chipilalacho chiduka pa muyalo uti, pa kugogoda kwachingati, ndiponso ngati chiduka mosalala. Koma aphunzitsi a ntchitoyi amatsindika lamulo limodzi limene ine ndimaliona kuti ndilo mutu wa zonse, lakuti dzenje limodzi likhoza kukubweza pa ulendo, koma silingakupatse chilolezo chopitirira, chifukwa chipale chimasintha pa mtunda wa mamita ochepa chabe. Werner Munter, wotsogolera okwera mapiri wa ku Switzerland, anaphunzitsa kuti munthu aziunika katatu, asananyamuke kunyumba, atafika m'dera, ndi atayima pa mtsetse weniweniwo, ndipo nthawi iliyonse aziganizira nyengo, kapangidwe ka malo, ndi anthu amene akukhudzidwa. Dongosolo limeneli ndi limene tinatsata.

Zimene tinapeza

Tisananyamuke ndinapempha alangizi a zaulimi a m'deralo kuti andiwerengere zimene zinalembedwa pa choyezera mvula cha ku ofesi yawo. Panalibe tsiku la mvula yoopsa kwambiri, koma panalibenso tsiku limene nthaka inapumako, ndipo ulosi wa nthambi yoona za nyengo unkasonyeza kuti mvula ipitirira. Mvula yotere ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa yamkuntho ya ola limodzi, chifukwa yamkuntho yambiri imathamanga pamwamba, pamene mvumbi umalowa pansi pang'onopang'ono mpaka nthaka yonse kukhuta.

Titafika sitinathamangire pa mng'alu. Tinayamba takwera chitunda cha tsidya lina kuti tione phiri lonse ndi maso amodzi. Kuchokera kumeneko zinaoneka bwino kuti mng'aluwo unali kumutu kwa kachigwa kolowa mkati mwa phiri, kumene madzi a mbali zonse ziwiri amasonkhana, ndipo kachigwako kankatsikira m'khwawa lopapatiza limene limakathera pa malo okwererako pang'ono, otambalala, pamene panali nyumba za mabanja 7. Mitengo yachilengedwe ya m'kachigwamo inadulidwa zaka zapitazo kuti awotchere makala, ndipo munatsala zitsa ndi chimanga. Titayeza kupendekeka, pa mng'alu tinapeza pafupifupi madigiri 35, pamene zitunda za m'mbali zinali zochepera pamenepo ndi kutali.

Podutsa m'kachigwamo ndinalamula kuti tizioloka mmodzimmodzi, ena onse atayima pa chitunda n'kumayang'anira, monga mmene oyenda pa chipale amachitira, kuti ngati nthaka ingasunthe pakhale otsala oti aitane thandizo. Achinyamata ena anaona ngati n'kutaya nthawi, koma a mfumu anawadzudzula ndipo anamvera.

Dzenje loyamba tinalikumba pambali pa nsonga imodzi ya mng'alu, osati kumunsi kwake. Pamwamba panali dothi lakuda la m'munda, lokhala ndi mizu ya chimanga, lozama ngati chikhatho ndi theka. Pansi pake panali katondo wofiira, wonyowa koma wogwirana bwino, woti chala chimalowa movutikira. Kutsika apo tinafika pa mwala wofumbwa, umene umaoneka ngati mwala, mizere yake yoyera ndi yakuda ikuonekabe, koma ukaugwira umanyenyeka m'manja n'kukhala mchenga. Titakumba kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, piki inalira pa thanthwe. Ndinagwada n'kupapasa pamene mwala wofumbwawo unakumana ndi thanthwelo, ndipo ndinapeza kamuyalo kopyapyala ka dongo lotuwa, koterera, kamene chala chamanthu chinalowa chonse popanda kukankha. Madzi ankachucha kuchokera m'kamuyalo komweko, moti tikumakambirana pansi pa dzenje panayamba kudzaza. Thanthwelo linali losalala ndipo linapendekekera kumunsi mofanana ndi mtsetsewo. Wapampando wa VCPC anakoka muzu wa chitsa umene unatulukira m'khoma la dzenje, wonenepa ngati mkono wa mwana, ndipo unathyokera m'manja mwake, mkati mwake muli mofumbwa.

Pamenepa zinthu zitatu zija zinali zitakumana: nthaka yogwirana ndi yolemera ndi madzi pamwamba, muyalo wofooka pansi, ndi mtsetse wopendekeka mokwanira. Madzi akalowa m'nthaka n'kufika pa thanthwe salowanso, koma amaunjikana pamenepo, ndipo mphamvu yawo imanyamula pang'ono nthaka ya pamwamba n'kuchepetsa kugwirana kwake ndi mwala. Ndinawafotokozera anthuwo kuti zimachitika ngati nkhoko za nsima, zimene zimakanirira mu mphika zikauma koma zimamatuka zokha mphikawo ukagonera madzi. Kale mizu ya mitengo ndi imene inkasoka nthakayo ku ming'alu ya thanthwe, ndipo mizu simaola tsiku limene mtengo wadulidwa. Imatenga zaka zingapo, n'chifukwa chake anthu sagwirizanitsa makala amene anawotchedwa kalekale ndi mng'alu umene waoneka lero.

Panalinso zinthu zitatu zochitidwa ndi manja a anthu zimene zinkawonjezera vutolo. Mwini munda wa pamwamba penipeni anakumba ngalande yoteteza mbewu zake, ndipo ngalandeyo inkakhuthulira madzi onse kumutu kwa kachigwako, pafupi ndi mng'alu. Kumunsi, anthu anadula tsinde la mtsetse potapa dothi loumbira njerwa. Chachitatu chinali chovuta kuchinena pamaso pa alangizi, chifukwa ndi chimene iwo amaphunzitsa ndipo pamalo ambiri n'cholondola: mizere yopingasa yokhala ndi ngonyeka imasunga madzi kuti alowe pansi, zimene zimathandiza kwambiri m'minda yopendekeka pang'ono, koma pa mtsetse wa madigiri 35, wa nthaka yosazama yokhala pa thanthwe losalala, madzi olowa pansiwo ndi amene amafewetsa muyalo wofooka uja. Alangiziwo ataona dzenjelo ndi maso awo anavomereza kuti malo amenewa sanayenera kulimidwa n'komwe.

Dzenje lachiwiri ndi mkangano umene linabweretsa

A mfumu anapempha kuti tikumbenso pa chitunda cha kumpoto kwa kachigwako, ndipo tinatero. Kumeneko nthaka inali yachinyontho chabe, thanthwe linali lokakala ndi long'alukang'aluka, ndipo mizu ya mitengo ya masuku yamoyo inalowa m'ming'alu yake. Madzi sanachuche. A mfumu anapumira m'mwamba n'kunena kuti: “Ndiye mwaona nokha, bwana, kuti phiri lathu n'lolimba. Anthu tikawauze kuti agone mitima ili m'malo?”

Ndinawayankha kuti: “A mfumu, dzenje ili latiuza za chitunda chino chokha, ndipo n'zoona kuti chitunda chino chili bwino, moti anthu akhoza kuthawira pano. Koma silinafafanize zimene taona m'dzenje loyamba lija. Tikanakumba maenje 10 n'kupeza 9 ouma, limodzi lonyowalo likanakhalabe ndi mawu omaliza, chifukwa nthaka ikamagumuka imayambira pamalo ofooka.”

Ndikuona kuti apa ndi pamene ntchito zambiri zounika zimasokonekera. Wounika amafuna kupereka uthenga wotonthoza, anthu amafuna kuumva, ndipo dzenje louma limapereka mpata woti onse agwirizane pa chinthu chimene sichinatsimikizike. Ian McCammon wa ku United States, amene anafufuza ngozi za zigumukire za chipale, anasonyeza kuti ngakhale anthu ophunzitsidwa bwino amanyalanyaza zizindikiro zoonekeratu akakhala pa mtsetse umene anauzolowera. Anthu a m'mudzimo anabadwira m'tsinde mwa phiri limeneli ndipo sanalionepo likugumuka, choncho kuzolowera kwawo kunali kwakukulu kuposa kwa mlendo aliyense wokwera mapiri.

Funso la kumene matope angakafike linali lovuta kuposa la kumene angayambire. Pa 23 February 1999, chigumukire cha chipale chinalowa m'mudzi wa Galtür ku Austria n'kupha anthu 31, ndipo chinafika mpaka pa nyumba za m'dera limene mapu ankasonyeza kuti ngozi yake ndi yochepa. Kuwerengetsa kwa pa pepala kuli ndi malire, choncho ndinafunafuna umboni pansi pomwepo. M'mabwalo a nyumba 7 zija munali miyala ikuluikulu yobulungira, ina yofika m'chifuwa mwa munthu, imene amayi amayanikapo ziwiya ndi makaka, ndipo inali ya mtundu wa thanthwe la kumtunda kuja. Madzi wamba a m'khwawa sangakunkhunize miyala yotere. Agogo ena aakazi, amene anali kumvetsera ali pakhonde, anandikodola n'kundiuza kuti: “Mwanangu, miyala iyi sinamere pano. Amayi anga ankati inabwera usiku umodzi iwo ali mtsikana, ndipo nthawi imeneyo kuno kunalibe nyumba, anthu ankakhala pa chitunda icho.” Malo okwererako amene anthu anawasankha chifukwa sadikha madzi anali mulu wa zinthu zimene khwawa lomwelo linalavula kalekale.

Chigamulo

Pali kusiyana kumodzi kumene kunasintha chigamulo chonse. Woyenda pa chipale akakayikira mtsetse amabwerera kapena kulambalala, koma anthu awa mtsetse unali pamwamba pa mphasa zawo, ndipo chogumula chinali mvula, imene palibe angailetse. Choncho sitinayese kulosera tsiku limene nthaka idzagwe. Tinagwirizana kuti mabanja 7 a pakamwa pa khwawa azikagona ku sukulu kapena kwa abale a pa chitunda usiku uliwonse umene zizindikiro zaoneka, ndi kuti mabanja a m'mbali mwa khwawa akhale tcheru koma asasamuke.

Tsiku lomwelo ngalande ija inatsekedwa n'kuwongoleredwa ku chitunda cha miyala, mng'alu unamatidwa ndi dongo kuti madzi asalowemo, ndipo a mfumu analetsa kutapa dothi m'tsinde mwa mtsetse. Tinakhoma zikhomo ziwiriziwiri, china kumtunda kwa mng'alu china kumunsi kwake, n'kudula ndodo ya nsungwi yofanana ndendende ndi mpata wa pakati pawo, kuti achinyamata awiri aziyeza m'mawa ndi madzulo, akuyenda modzera pa chitunda, ndipo mvula ikamagwa asapiteko. Zizindikiro zosamukira tinazibwereza mpaka aliyense atazitchula yekha: mpata wa zikhomo ukakula kuposa ndodo, kasupe akachita matope kwambiri kapena akaphwa mwadzidzidzi, madzi a m'khwawa akachepa pamene mvula ikugwabe, mitengo ikayamba kupendama, kapena kumtunda kukamveka mkokomo. Tinagwirizana kuti chenjezo liziperekedwa ndi wenzulo, zokuzira mawu za pa mzikiti ndi belu la ku tchalitchi, ndiponso kuti pothawa munthu azikwera cham'mbali kupita pa chitunda, asamatsike motsata khwawa, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu.

Zimene zinatsatira

Mabanja aja anakagona ku sukulu kangapo popanda chochitika, ndipo madandaulo anayamba. Ena ankaopa akuba, ena ankavutika kunyamula ana ndi okalamba mumdima, ndipo bambo wina ananena poyera kuti akuvutitsidwa chifukwa cha dzenje limodzi. Madandaulowa anali omveka, ndipo komiti inachita bwino kuwayankha ndi zochita: achitetezo a m'mudzi anayamba kulondera nyumbazo atayima patali, mbuzi ndi chimanga cha m'nkhokwe zinasamutsidwiratu kwa abale, ndipo okalamba anakhazikika pa chitunda mpaka mvula itatha.

Chakumapeto kwa February mvumbi unabweranso. M'mawa wina ndodo ya nsungwi inaperewera pa zikhomo ndi zala zitatu, ndipo pofika masana kasupe uja anaphwa ngakhale mvula inali ikugwabe, kusonyeza kuti njira ya madzi pansi inali itatsekeka ndipo madziwo ankaunjikana mkati. Anthu onse anachoka dzuwa lisanalowe. Usiku womwewo gawo la kumunsi kwa mng'alu linagumuka, linatsika m'khwawa litasanduka phala la matope, miyala ndi zitsa, ndipo linakokolola khola, khitchini ndi bafa za banja limodzi, n'kugwetsa khoma la kuseri la nyumba ina. Palibe amene anavulala. Nditapita kukaona, pamene nthaka inachokapo panali thanthwe losalala, lonyowa, lopakika dongo lotuwa lomwe lija tinalipeza m'dzenje loyamba.

Ngozi sinathere pamenepo. Kumtunda kwa chipseracho kwatsala nthaka ina imene tsopano ilibe choitchinjiriza kumunsi, ndipo yayamba kale kung'aluka. Chipale cha m'mapiri ozizira chimasungunuka nyengo yotentha ikafika, ndipo miyalo yake yofooka imathera pomwepo, koma dongo la pa thanthweli lidzakhalapobe dzinja likubwerali ndi madzinja ena otsatira. Mitengo imene komiti yayamba kudzala m'kachigwamo, pamodzi ndi vetiva ndi nsungwi za m'mbali mwa khwawa, idzatenga zaka kuti mizu yake ifike pa thanthwe, choncho sindikuiwerengera ngati chitetezo cha panopa.

Zotsatira za kuunikaku ndazipereka ku ofesi yoona za ngozi ku khonsolo ya boma, ndi pempho loti akatswiri a nthambi ya za miyala ku Zomba adzaunike mozama makwawa enanso a m'mbali mwa phirili, popeza pali ena awiri ofanana ndi ili amene kumunsi kwake kulinso nyumba. Zikhomo zatsopano zakhomedwa pamwamba pa chipseracho. Mabanja atatu asankha kumanga pa chitunda, pa malo amene a mfumu awapatsa, ndipo anayi otsalawo akudikira kuti a gulupu ndi a T/A agwirizane za malo ena. Kufikira zimenezo zitatheka, dongosolo logona ku sukulu liyambiranso mvula yoyamba ya mvumbi ikangogwa.